Kuphunzitsa mwana kuthokoza popanda kumukalipira

Agogo afika kuchokera kumudzi ndi kathumba ka mtedza wokazinga. Atapa wodzaza dzanja n'kuitana mdzukulu wawo wa zaka zitatu. Mwana atsomphola ndi dzanja limodzi, liwiro kuseri kwa nyumba. Amayi ake manyazi awagwira. "Iwe, bwerera kuno! Ukalandira chinthu umati chiyani?" Mwana abwera akukoka miyendo, maso ali pansi, n'kutulutsa zikomo wosamveka n'komwe. Akuluakulu mitima ikhala pansi, macheza apitirira. Koma chimene mwanayo watolapo n'chakuti zikomo ndi mawu ozimitsira mkwiyo wa amayi.

Poyamba dziwani kuti mwana wa msinkhu umenewu sakuchita mwano. Pa zaka ziwiri kapena zitatu chilichonse chimakhala "changa", ndipo nzeru zake sizinafike poona kuti mtedzawo wina anadzala, anakumba, anayanika, anasenda, n'kuukazinga akuganizira iye. Mawu a zikomo amatha kuwatchula msanga, monga amatchulira mawu ena onse amene amamva. Kumvetsa kuti munthu wamuchitira chabwino mwadala kumabwera pang'onopang'ono, ndipo kumayamba kuoneka bwino akamayandikira zaka 6, msinkhu woyambira Sitandade 1. Choncho musamuyese ndi muyeso wa mwana wamkulu.

Zikachitika ngati za mtedza zija, musamuchititse manyazi pamaso pa alendo. Mutengeni, mugwade naye limodzi, muike timanja take pamodzi, inuyo munene momveka kuti, "Agogo, tathokoza mtedzawu." Akatsatira, zili bwino. Akapanda kutsatira, musiyeni, wamva ndipo waona. Tsiku lina mukadziwa kuti kukubwera alendo, muuziretu m'mawa kuti agogo akamupatsa kanthu alandire ndi manja awiri. Mungathenso kuyeserera ngati masewera: inu mukhale agogo, mumupatse chitsekero cha botolo, iye alandire, agwade kapena anjute, awombe m'manja. Kenako musinthane, iye akhale agogo. Ana amakonda kwambiri mbali imeneyi, ndipo mudzaseka kumuona akukudzudzulani mukalandira ndi dzanja lamanzere.

Komabe phunziro lalikulu silili pa tsiku la alendo. Lili pa mkeka wodyera, tsiku ndi tsiku. M'nyumba zambiri bambo akamaliza kudya amangosamba m'manja n'kudzuka, ngati nsimayo inagwa kuchokera kumwamba. Mwana amene amaona zimenezi katatu pa tsiku mungamuuze bwanji kuti aziyamika? Bambo anene mokweza, ana akumva: "Mayi, zikomo, takhuta." Amayi nawo athokoze bambo akabwera ndi kabichi kapena akakonza chitseko chimene chinkavuta. Ndipo ngati pakhomo pali wantchito, apa ndiye pamayeso enieni. Mwana amaona msanga kuti abusa akabwera timagwada, koma anti amene amamusambitsa ndi kumuchapira timangowatuma osawayang'ana n'kumaso komwe. Akazindikira kuti zikomo amapita kwa anthu olemekezeka okha, wayamba kale kusankha oti aziwathokoza. Muthokozeni wantchitoyo mwana ali pomwepo, ndipo mwanayo aziti "zikomo anti" akapatsidwa phala.

Mwananso athokozedwe. Ndikudziwa kuti alipo akuluakulu amene amati mwana sathokozedwa, angayerekedwe. Ine sindigwirizana nazo. Mukamutuma mchere n'kubwera nawo, muuzeni kuti, "Zikomo mwanawe, wandithandiza." Sayerekedwa nazo zimenezo. M'malo mwake amalawa kukoma kwa mawuwo, ndipo chinthu chimene munthu wachilawa savutika kupatsako mnzake.

China chothandiza ndi kumuonetsa kumene zinthu zimachokera. Mwana wa m'tauni akhoza kukula akuganiza kuti ufa umamera m'chidebe. Tsiku lopita kuchigayo mutengeni. Aone chimanga chikukonoledwa, amayi akupeta ndi lichero, mphale ikunyikidwa masiku angapo, ufa ukuyanikidwa pamphasa nkhuku zikuingitsidwa. Ntchito yoingitsa nkhukuyo mupatseni iyeyo. Madzulo pamene chipande chikuomola nsima, mukumbutseni kuti ufawu ndi uja ankaulondera. Kumjigo anyamule kachigubu kake kakang'ono, amve kulemera kwa madzi, ngakhale theka litayikire m'njira. Ndipo zinthu za m'nyumba muzizitchula ndi eni ake: nyembazi anatumiza ndi azakhali a ku Dedza, juziyi analuka ndi agogo. Mwana akamva dzina, chinthucho chimakhala ndi nkhope.

Apa pali dzenje loti musagweremo. Kumuuza mwana kumene chinthu chachokera n'kosiyana ndi kumutonza nacho. Mawu ngati "ine ndimavutikira iwe, koma ndiwe wosayamika" amamusenzetsa ngongole imene sanapemphe ndipo sangathe kubweza. Mwana woleredwa ndi mawu otere amaopa kulandira, kapena amalandira mtima uli m'mwamba. Nkhani ya ufa ija muzimufotokozera mosangalala, nthawi imene palibe mlandu, osati pamene wakana ndiwo.

Tili ndi mwambo wabwino umene ukuzilala, wothokozanso tsiku lotsatira. Munthu akakuchitira chabwino lero, mawa mukakumana umayamba ndi kuti, "Tathokoza za dzulo zija." Kwa mwana mwambowu ndi wopindulitsa kuposa zikomo wa pomwepo, chifukwa umamuphunzitsa kukumbukira. Oyandikana nawo akamupatsa mango lero, mawa m'mawa mudutse naye pakhomo pawo. Achibale akutali nawonso asamanidwe. Amalume a ku Johannesburg akatumiza nsapato pa basi, kapena ndalama ya yunifolomu kudzera pa Mukuru, musangolemba uthenga nokha. Yatsani WhatsApp, mwanayo alankhule yekha, ngakhale azingoti "amalume, nsapato zija ndavala, zikuwala." Munthu amene akugwira ntchito usiku kudziko la eni amaumvera kambirimbiri uthenga woterowo.

Nanga akapatsidwa chinthu chimene sanachikonde? Zimachitika. Azakhali abweretsa diresi yapakaunjika, mwana n'kunena poyera kuti, "N'njoipa, sindikuifuna." Musamumenye, ndipo musamukakamize kunama kuti waikonda. Inu thokozani azakhaliwo, nkhaniyo idutse. Alendo akapita mufotokozereni kuti timathokoza chifukwa munthuyo anatikumbukira, ndipo za mtundu wa diresi timanong'oneza amayi tikakhala tokha. Mwana wa zaka zisanu amatha kuzimva zimenezi, ngakhale kuti mudzabwereza kangapo.

Mupatseninso mpata wopatsa. Mukaphika maungu ambiri, iyeyo ndiye anyamule mbale kupita nayo kwa oyandikana nawo, inu mukumuyang'anira chapatali. Aone nkhope ya amayi aja ikuwala, amve akumuthokoza, ndipo mawa mbale ija ikabwerera muli mbatata, adzionera yekha kuti kupatsa n'kuika. Pa nthawi ya masika kutchalitchi, kachitini ka chimanga kopereka anyamule ndi manja ake. Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, abambo ambiri amagula chitenje n'kungonena kuti chachokera kwa ana. Chitenjecho gulani ndithu, koma mwananso apange chake: ajambule chithunzi, athyole maluwa a kumpanda, kapena asese pakhonde amayi asanadzuke. Pokulunga chitenjecho mufunseni kuti akuwathokoza amayi chifukwa cha chiyani, ndipo chimene anene mulembe momwemo osakonza.

Pogona, pemphero lisanayambe kapena litatha, mufunseni funso limodzi lokha: "Lero ndani wakuchitira chabwino?" Musamusankhire yankho. Mwina mumayembekezera kuti atchula inu amene mwamugulira yogati, koma iye atchula mnzake wa kusukulu ya mkaka amene anamubwereka khirayoni yofiira. Vomerezani, mufunseni dzina la mnzakeyo, ndipo m'mawa pomuperekeza mumukumbutse pageti kuti akamuuze za dzulo zija.