Maso akayamba kufooka limodzi ndi makutu: njira yokayezetsa retina kuchokera ku Chama

M'mabanja ena mayi ali ndi shuga, mlongo wawo ndi wogontha, ndipo mwana wayamba kupunthwa dzuwa likangolowa. Zitatuzi zimatha kukhala ndi gwero limodzi: kufooka kwa ma mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselo a thupi. Retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala, imadya mphamvu zambiri, n'chifukwa chake imafulumira kuonetsa vutoli.

Yambirani kunyumba, ndi pepala. Tizigawoti mwana amatengera kwa mayi ake okha. Choncho ngakhale kwanu mumawerenga mtundu kuchimuna, apa tsatani kuchikazi: amayi, agogo obereka amayi, amalume, ndi ana a alongo awo a amalumewo. Lembani amene anagontha akadali wamng'ono, wa shuga koma wowonda, wogwa zikope, ndi mnyamata amene diso lina linachita khungu, linzake n'kutsatira patapita masabata kapena miyezi. Pepala limeneli lingathandize dokotala kuposa mmene mukuganizira, pakuti makina sadziwa mbiri ya banja lanu.

Kenako pitani pa chipatala cha boma ku Chama ndi makadi onse ndiponso mankhwala amene mukumwa. Tchulani makamaka a TB, chifukwa ethambutol amatha kuwononga mtsempha wa diso. Musasiye mankhwala mwa nokha. Pemphani kalata yokutumizani kwa madokotala a maso, kaya ku chipatala cha Chipata Central, cha Mwami, kapena cha UTH ku Lusaka. Kumeneko adzayamba ndi kukuwerengetsani zilembo, kuyesa mmene mumaonera mitundu ndi kusuzumira m'kati mwa diso.

Kuyeza kwenikweni kwa kagwiridwe ntchito ka retina kumatchedwa ERG. Makina ake sapezeka paliponse, ndiye dokotala atsimikize kaye komwe ali musanagulitse thumba la mpunga kuti mupeze ya basi. Ngati vuto likudza pang'onopang'ono, konzani ulendo mvula isanawononge msewu wa ku Lundazi. Koma maso akazima mwadzidzidzi, nyamukani osadikira chilimwe.

Tsiku loyeza adzakudonthezani mankhwala okulitsa mwanadiso, n'kukukhazikani mumdima wa bii kwa mphindi zosachepera 20. Adzaika kawaya konga ulusi m'mphepete mwa chikope cham'munsi, kapena kagalasi pa diso atalichititsa dzanzi, n'kumawalitsa nyali mong'anima. Kawayako sikalowetsa magetsi m'diso, kamangomvetsera tamagetsi timene retina imatulutsa yokha. Pambuyo pake mudzakhala powala mphindi 10 ndi kuyezedwanso. Maso adzaona mbuu kwa maola angapo, choncho pitani ndi wokuperekezani, ndipo njinga musapalase.

Zotsatira zikatuluka zabwino, musathamangire kunena kuti zonse zili bwino. Pa matenda a Leber, amene amakonda kugwira anyamata, ERG wamba imatuluka yabwinobwino chifukwa vuto lili mu mtsempha wopita ku ubongo. Funsani za kuyeza kwina kotchedwa VEP. Ndipo wachibale aliyense wa mbali ya kuchikazi m'banja lotero aleke fodya, mowa achepetse kwambiri.

Ngati zikope zinayamba kugwa munthu asanafike zaka 20, maso n'kumavuta kutembenuka, pemphaninso kuti ayezedwe mtima ndi ECG. Zizindikirozi zingakhale za matenda a Kearns-Sayre, amene amagwira retina ndi kagundidwe ka mtima pamodzi, ndipo mtimawo ungasokonezeke munthu asanamve kalikonse.