Bwalo la Chiyankhulo: Kompyuta Ingatithandize Bwanji Pofufuza Chichewa?

WOWULUTSA: Makalata a lero akufunsa za mapulogalamu apakompyuta aulere ofufuzira ziyankhulo, ndipo tili ndi mayi amene amaphunzitsa za ziyankhulo. Mayi, kalata yoyamba yachokera kwa wophunzira wa ku University of Malawi wokhala ku Chikanda. Akuti: "Ndikufufuza momwe nyuzipepala zimalembera za amayi. Ndasonkhanitsa nkhani zambiri, koma kuwerenga mawu amodziamodzi ndi pensulo kwandilemetsa, ndalamanso ndilibe. Nditani?"

KATSWIRI: Zikomo achimwene, ndipo moni kwa onse. Mwanawe, pensuloyo ipumule. Pali pulogalamu yotchedwa AntConc, anaipanga ndi Laurence Anthony wa pa Waseda University ku Japan. Salipiritsa. Ukaitsitsa kamodzi, imagwira ntchito popanda intaneti, ndiye bandulo siikupweteka. Umaipatsa nkhani zakozo, iyo n'kukuuza kuti liwu lililonse latuluka kangati. Ukalemba "mayi", imakundandalikira mizere yonse momwe muli liwulo, ilo lili pakati, anzake kumanzere ndi kumanja. Apo m'pamene uonere ngati mayi m'nyuzipepala amatchulidwa pafupi ndi "malonda" ndi "utsogoleri", kapena pafupi ndi "kulira" ndi "kugwiriridwa".

Koma tamvera izi. Pulogalamuyi sidziwa Chichewa. Ikangotsegulidwa imazindikira zilembo zokha ngati mbali ya liwu, ndiye ikapeza "ng'ombe" imadula pakati, n'kuwerenga "ng" payekha, "ombe" payekha. "M'mudzi" ndi "n'chifukwa" zimaduka chimodzimodzi. Usanawerengetse kalikonse, lowa pamalo pamene alemba kuti Token Definition, uiuze kuti kachizindikiro kam'mwamba kaja ndi gawo la liwu. Kachizindikiroka kaliko koongoka ndi kopindika, uike tonse tiwiri. Mafayilo ako uwasunge mu UTF-8, apo ayi chilembo cha ŵ chidzasanduka zizindikiro zosawerengeka.

WOWULUTSA: Nanga aneni athu otalika aja, mayi? Paja "kupita" kumasintha maonekedwe nthawi zonse.

KATSWIRI: Apo ndiye pagona nkhani. Ife timamata aphatikiri kutsinde: ndikupita, sanapite, akadzapita. Kompyuta imaona ngati ndi mawu atatu osadziwana. Umaika kanyenyezi kumbuyo ndi kutsogolo kwa "pit", ndipo imakoka onse. Koma imakokanso "kapitawo", amene sakupita kulikonse. Uyenera kudutsamo ndi maso, kuchotsa alendowo. Pulogalamu ili ngati chigayo: chimagaya chimene wathira, miyala ndi chimanga chomwe. Kupeta ndi kwako.

WOWULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya aphunzitsi a kusekondale ku Domasi. Akuti: "Ana anga sakhulupirira ndikawauza kuti kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo m'Chichewa. Kodi pali njira yowaonetsa ndi maso?"

KATSWIRI: Ilipo, aphunzitsi. Dzina lake ndi Praat, ya Paul Boersma ndi David Weenink a ku University of Amsterdam, ndipo ndi yaulere. Mujambule mwana akunena kuti "ndaona mtengo", koyamba akutanthauza wa mango, kachiwiri akutanthauza wa sopo kumsika. Mukatsegula m'pulogalamuyi muona mzere wobiriwira ngati mtambo wosonyeza kayendedwe ka liwu. Pa mtengo womera mzerewo umakwera pa "te", pa mtengo wa malonda umangoyenda pansi. Yesaninso "ndimathandiza" wa masiku onse ndi "ndimathandiza" wa nthawi yapita ija. Kalembedwe n'kamodzi, koma mzere ukwera pamalo osiyana. Nkhani imeneyi anaifufuza kwambiri ndi Pulofesa Al Mtenje wa konkuno ku Zomba, ndipo mu 2017 iwo ndi Laura Downing anatulutsa buku la kamvekedwe ka Chichewa ku Oxford University Press.

Malangizo awiri. Jambulani m'chipinda chopanda phokoso, osati mvula ikugwa pamalata. Ndipo musadalire mauthenga amawu a pa WhatsApp, chifukwa amafinyidwa ndipo zina zimatayika. Jambulani mu WAV. Pulogalamu ya Audacity, nayonso yaulere, imachita zimenezi ndi kukuthandizani kudula.

WOWULUTSA: Kalata iyi yatsika kuchokera kuphiri la Zomba. Bambo wina amene amaperekeza alendo ku Chingwe's Hole ndi kudamu la Mulunguzi akuti: "Agogo anga amadziwa mayina a mitengo, mbalame ndi mankhwala a m'phiri muno, m'Chinyanja ndi m'Chiyao. Akukalamba. Ndingasunge bwanji nzeru zimenezi?"

KATSWIRI: Bambo, kalata yanu yandikondweretsa kuposa zonse. Yambani ndi foni yanu yomweyo. Pemphani chilolezo kwa agogowo, ndipo chilolezocho chimveke m'chojambulidwacho: anene okha kuti avomera, ndi kuti ndani angamvetsere. Zina za mankhwala ndi za kuchinamwali sizoti aliyense amve, ndipo mwini mawu ndiye wolamula. Kenako ajambuleni vidiyo ataima pamtengo pomwepo, akuutchula ndi kufotokoza ntchito yake.

Mukapeza laputopu, tsegulani vidiyoyo mu ELAN, yopangidwa ku Max Planck Institute for Psycholinguistics mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands. Imakulolani kulemba zimene zikunenedwa molingana ndi nthawi yake: mzere wina Chiyao, wina Chichewa, wina ndemanga zanu. Mukadina chiganizo, agogo amayankhulanso pomwepo. Dziwani kuti kulemba kumadya nthawi yochuluka kwambiri kuposa kujambula, ndiye yambani ndi tizidutswa tatifupi.

Mayina akachuluka, asamutsireni mu FieldWorks Language Explorer, ambiri amangoti FLEx, ya bungwe la SIL. Imeneyi ndi yopangira mtanthauziramawu. Pa liwu lililonse mumaika tanthauzo, gulu la dzina, kuchuluka kwake, chitsanzo, chithunzi ndi mawu ojambulidwa. Mukafika pamenepo, katsikeni mukacheze ndi a Centre for Language Studies. Likulu limeneli linakhazikitsidwa mu 1996 kulowa m'malo mwa Chichewa Board, ndipo ndi lomwe linakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ntchito yawo ndi ya ziyankhulo zonse za m'Malawi, Chiyao chomwe.

WOWULUTSA: Yomaliza, mwachidule mayi, nthawi yatithera. Mtsikana wa ku Matawale akufunsa: "Google Translate ili ndi Chichewa. Nanga tivutikirenji ndi zonsezi?"

KATSWIRI: N'zoona, Chichewa chinalowamo mu 2014. Koma kumasulira ndi kufufuza ndi ntchito ziwiri. Makina omasulira amaphunzira pa zolembedwa zimene anthu anaika kale pakompyuta, ndipo za Chichewa n'zochepa, zambiri mwa izo zachipembedzo. Chichewa cha asodzi a kunyanja ya Chilwa, cha pamaliro, cha pabwalo la milandu kwa amfumu, sichinalembedwe mokwanira. Komabe pomwe pano ku Zomba tili ndi National Archives of Malawi, yosunga zolembedwa zakale. Wofufuza akaloledwa kujambula masamba, pulogalamu yaulere ya Tesseract imasandutsa chithunzi kukhala zilembo, ngakhale imaphonya pa mapepala akale ndipo munthu ayenera kukonza mzere ndi mzere. Pokonzapo musasinthe kalembedwe kakale. Akale ankalemba "bvuto" ndi "mau", ife timalemba "vuto" ndi "mawu". Kusiyana kumeneko ndi umboni wa momwe kalembedwe kasinthira, ndipo mukakufufuta mwataya chimene mumafufuza. Mapulogalamu alipo kale ndipo salipiritsa. Chikusowa ndi Chichewa choti tiwapatse, chotayipidwa bwino, cholembedwa kuti chinachokera kuti, chaka chanji, kwa yani.

WOWULUTSA: Omvera, mayina aja ndi AntConc, Praat, Audacity, ELAN, FLEx ndi Tesseract. Ntchito yanu muziisunga pawiri, pakompyuta ndi pafulashi, paja magetsi sapangana. Sabata yamawa tidzayankha makalata okhudza kalembedwe ka mayina a malo, ndiye a ku Chinamwali, Sadzi ndi Songani tilembereni.