Mapointi a mwana wanu ku Joni

Mayi athu a ku Mbulumbuzi, kalata yanu tailandira. Mukuti mwana wanu ku Johannesburg akufuna kukulipirirani hotela ku Mangochi ndi mapointi a khadi ya kubanki, ndiye mtima suli m'malo, mwina walowa zachinyengo.

Mtima pansi, mayi, zimenezi zilipodi. Mabanki a kumeneko amapatsa munthu mapointi akamagula zinthu ndi khadi. A FNB amawatcha eBucks, ndipo ma eBucks 10 ndi R1 yokha. Ndiye kuti mapointiwo akwanire chipinda cha kunyanja, munthu amakhala atagula zambiri zedi.

Pamene pandidetsa nkhawa ine ndi apa: ngati khadiyo ili ya credit, imeneyo ndi ngongole. Akapanda kubweza yonse pa tsiku lake, chiwongoladzanja chimaposa mapointi aja kutalitali. Mufunseni mwanayo bwinobwino ngati akubweza mwezi ndi mwezi.

Akutumizireninso umboni wa malo ogonawo pa WhatsApp, muimbire hotelayo musananyamuke. Ndalama ya minibasi yodzera ku Zomba ndi Liwonde ikhale m'manja, kondakitala salandira mapointi. Ndipo wina akakuimbirani kuti mwawina mapointi, nkumafunsa PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, ameneyo ndi wakuba, dulani foni.