Mafunso ndi Mayankho: Mfumukazi Mary Wake Uti?

Kalata ya lero yachokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu. Akufunsa kuti, "Kodi Mfumukazi Mary amene ankawotcha Apulotesitanti ndi yemwe uja anadzadulidwa mutu?"

Ayi bambo, awa ndi anthu awiri, ndipo kuwasakaniza n'kusenzetsa wina mlandu wa mnzake. Wowotcha anthuyo ndi Mary wa ku England, mwana wa Mfumu Henry VIII, amene analamulira kuyambira 1553 mpaka 1558. Anafunitsitsa kubwezera dziko lake ku Chikatolika, ndipo anthu pafupifupi 280 anafera pamoto chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Iyeyu anamwalira ndi matenda ali pampando, osasiya mwana. Winayo ndi Mary Stuart wa ku Scotland, amene analowa ufumu mu 1542 ali khanda la masiku 6. Anakulira ku France, ndipo pobwerera kwawo mu 1561 anapeza dziko litasanduka la Chipulotesitanti. Sanalimbane nalo ndi moto. Ankangochita Misa kunyumba yachifumu, ngakhale zimenezo zinkamupsetsa mtima John Knox, mlaliki amene a CCAP amamudziwa bwino. Mu 1567 akuluakulu a dziko anamukakamiza kutula pansi ufumu, chaka chotsatira anathawira ku England, ndipo mfumukazi ya kumeneko, Elizabeth I, anamutsekera zaka pafupifupi 19 kufikira anadulidwa mutu ndi nkhwangwa ku Fotheringhay mu 1587.

Mwina munena kuti kusiyanako n'kochepa, poti onse anali Akatolika, anali pachibale, ndipo manda awo ali ku Westminster Abbey. Chibalecho n'choona: agogo ake aakazi a Mary Stuart anali mlongo wake wa Henry VIII. Komatu magazi omwewo ndiwo anamuika m'mavuto, chifukwa Akatolika ambiri ankamuona ngati mwini weniweni wa mpando wa England, ndipo Elizabeth sakanagona tulo iye ali moyo. Sindikunena kuti Mary Stuart anali wopanda banga. Mwamuna wake Darnley ataphedwa, anakwatiwa ndi Bothwell amene anthu ankamuloza chala pa imfayo, ndipo pambuyo pake anaweruzidwa kuti anagwirizana ndi chiwembu cha Babington chofuna kupha Elizabeth. Milandu yake ndi imeneyo, ya moto ija si yake.

Choncho bambo, mukamva za kuwotcha anthu, dziwani kuti akunena Mary wa ku England. Mukamva za nkhwangwa ya ku Fotheringhay, ameneyo ndi wa ku Scotland, mayi wa James amene anadzalamulira maiko onse awiri kuyambira 1603.