Madzi a mu Ubongo wa Nsomba, Nkhuku ndi Munthu

Kuno kwa Nkomeshya ambiri timaweta mbuzi. Tsiku lina mukapha mbuzi n'kuswa mutu wake, dulani ubongo pakati ndi mpeni wakuthwa, muyang'anitsitse. Mudzaona kuti mkati mwake muli timphako. Mbuzi ikakhala ndi moyo, timphako timeneti timakhala todzaza ndi madzi oyera. Nkhuku ili nato. Chule, njoka ndi nsomba za mu mtsinje wa Chongwe zili nato. Ife anthu tili nato tinayi: tiwiri m'mbali, kamodzi pakati, kena kumunsi kufupi ndi khosi.

Kodi timphakoti timachokera kuti? Mayi akangoima, pa sabata lachitatu, kumsana kwa kamwana kumapangika kachikopa kopyapyala. M'mbali mwake mumatukuka, n'kupindika monga timakulungira mphasa, mpaka mbali ziwirizo zitakumana. Pofika masiku 28 kamakhala katatsekeka, kali ndi mphako mkati. Mbali ya kumutu imafufuma malo atatu, kenako asanu, ndipo ndiyo imasanduka ubongo. Mbali yotsalayo imakhala mtsempha waukulu wa mu msana. Mphako ija siitha ayi. Ndiyo imakhala timphako ta mu ubongo.

Mwanapiye amayamba chimodzimodzi. Dzira limaswa pa masiku 21, koma pa tsiku lachiwiri lokha thadzi litafungatira, kupindika kuja kumakhala kuli mkati. Nsomba zambiri zimatsata njira ina: zimayamba ndi kachingwe kopanda mphako, kenako mphakoyo imatseguka pakati pake. Mwa munthu timphako tiwiri ta m'mbali timakula kwambiri ndi kupindika, chifukwa ubongo wathu wa pamwamba ndi waukulu.

Madzi aja sangokhala chabe. Mu 1977 akatswiri awiri a ku America, Mary Desmond ndi Antone Jacobson, analowetsa kachubu m'mutu mwa mwanapiye ali m'dzira, kuti madziwo azitulukira kunja. Ubongo wake sunakule bwino. Apa zinaoneka kuti madzi amakankha makoma a ubongo kuchokera mkati, ndipo kukankhako kumathandiza ubongo kukula. Munthu akabadwa, madziwa amateteza ubongo kuti usamagundike ku chigaza, ndiponso amachotsa zonyansa.

Munthu wamkulu amapanga madziwa pafupifupi theka la lita tsiku lililonse. Koma m'mutu ndi mu msana mumangokhala ochepa, osadzaza kapu. Izi zikutanthauza kuti madziwa sayima. Amapangidwa m'timphako, amadutsa m'kanjira kopapatiza kwambiri pakati pa kamphako kachitatu ndi kachinayi, amazungulira ubongo ndi msana, kenako amalowa m'magazi.

Tsono kanjira kaja kakatsekeka, madzi amapangidwabe koma alibe kopita. Timphako timafufuma. Mafupa a mutu wa khanda amakhala asanalumikizane, motero mutu umakula msanga. Liwombo limatukuka ndi kulimba. Maso amayang'ana pansi. Mwana amasanza, amalira mosalekeza kapena amangogona. A chipatala amatcha vutoli hydrocephalus. Ana ena amabadwa nalo. Ena limawayamba atadwala matenda oumitsa khosi kapena kutentha thupi kwakukulu m'masabata oyamba atabadwa.

Zimandipweteka mtima kuona mayi akubisa mwana wotere m'chitenje chifukwa cha zonena za anthu. Ena amati walodzedwa, ena amati mayi analakwa mwambo. Mayiyo sanalakwe kanthu. Madziwo tonse tili nawo, kungoti a mwanayo asowa njira. Kutema mphini kapena kumata mankhwala paliwombo sikungatsegule kanjira ka mkati mwa ubongo, ndipo mwezi uliwonse wochedwa madzi amapitiriza kufinya ubongo wa mwana.

Mukamapita ndi mwana ku sikelo, pemphani anamwino amuyeze mutu ndi tepi. Akaona kuti ukukula mopitirira, amakutumizani ku chipatala cha boma ku Chongwe, ndipo kuchokera kumeneko ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Madokotala amaika kachubu kofewa pansi pa khungu, kochokera m'mutu kukafika m'mimba, kuti madzi otsala azipita kumeneko. Ana ena amawaboolera kanjira katsopano mkati mwa ubongo, osaika kachubu. Njira imeneyi anaipititsa patsogolo Dr. Benjamin Warf pochiza makanda ku Mbale, m'dziko la Uganda.

Nthawi zina kachikopa kaja sikatsekeka bwino kumsana, mwana n'kubadwa ndi chotupa pamsana, ndipo ana otere nawonso madzi amakonda kuwachulukira m'mutu. Mapiritsi a folic acid amachepetsa ngozi imeneyi. Popeza kutsekekako nthawi zambiri kumachitika mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, mayi amene akufuna mwana akafunse za mapiritsiwa ku kiliniki asanatenge pakati.