Kusunga Pikapu Zaka Zambiri

Mlimi akagulitsa bwino fodya kapena mtedza, kawirikawiri mtima wake umathamangira ku galimoto yaing'ono yonyamula katundu, imene anthu amaitcha pikapu. Kugula ndi kwa tsiku limodzi. Chovuta ndi kuisunga kuti patapita zaka khumi ikhale ikuyendabe, osati ili gone kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikiramo mazira.

Galimoto yotere ingathe kukhalitsa ndithu. Chitsanzo chake ndi Nissan 1400, imene inkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, m'dziko la South Africa. Inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1971 ndi dzina lakuti Datsun 1200, mu 1980 anaikamo injini yokulirapo, ndipo analeka kuipanga mu 2008. Pa zaka zonsezo kapangidwe kake sikanasinthe kwambiri, kotero amakaniki ambiri anaizolowera. Zina zikuyendabe mpaka lero, koma zina zinafa zisanakalambe. Kusiyana kwake kuli kwa eni ake.

Chimene chimapha pikapu msanga ndicho katundu wopyola muyeso. Nissan 1400 inapangidwa kuti inyamule mopitirira pang'ono theka la tani, ndiye kuti matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50, pamodzi ndi woyendetsa. Tsono mwini wake amaona kuti malo alipobe, naikapo matumba 18, pamwamba pake anthu anayi ndi njinga. Galimoto imapita ndithu, ndipo apa ndi pamene iye amanyengedwa. Masipuling'i a kumbuyo amawongoka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina athyoka pa dzenje. Matayala amatentha naphulika. Choopsa koposa ndi mabuleki, pakuti potsika phiri sangathe kuimitsa katundu wotere, ndipo amene amayamba kugwa ndi anthu okhala pamwamba aja. Maulendo awiri amadya petulo wambiri, inde, koma mtengo wake sufika pa wa sipuling'i imodzi.

Mdani wachiwiri ndi fumbi. M'misewu ya kumudzi oyilo amada msanga, choncho ndi bwino kumusintha pa makilomita 5,000 alionse, pamodzi ndi sefa yake. Sefa ya mpweya iyenera kuonedwa kawirikawiri m'chilimwe. M'mawa uliwonse, asanalize injini, mwini wake ayang'ane oyilo ndi madzi. Akanyamula feteleza atsuke kumbuyo tsiku lomwelo, chifukwa feteleza akanyowa amadya chitsulo.

Pali nkhani inanso imene ambiri sakonda kuimva. Ndalama zimene galimoto yabweretsa si phindu lonse ayi. Matayala adzatha, batire lidzafa, inshuwalansi idzafuna ndalama chaka ndi chaka. Mwini wanzeru amakhala ndi kabuku kolembamo ulendo uliwonse, petulo amene wathira ndi tsiku limene anasintha oyilo, ndipo pa ndalama za ulendo uliwonse amapatulapo zina za galimotoyo, osazikhudza.

Kumudzi pikapu siikhala ya munthu mmodzi. Usiku kudzabwera odwala, mawa lake maliro, ndipo zimenezi munthu sangakane. Koma ndi bwino kuti mwini wake agwirizane ndi abale ndi anyakwawa zinthu zisanachitike, kuti opempha azithirako petulo, ndi kuti chiwongolero chizigwiridwa ndi munthu mmodzi yekha amene ali ndi laisensi.