Phunziro 9: Tchuthi pa Chilumba cha Formentera

Kodi mudamvapo za nyanja ya Mediterranean? Nyanja iyi ili pakati pa Afrika ndi Ulaya. Madzi ake ndi amchere. Lero tiwerenga za chilumba china chaching'ono cha m'nyanjayi. Dzina lake ndi Formentera, ndipo chili m'dziko la Spain.

Chilumbachi ndi chachitali pafupifupi makilomita 20 basi. Anthu okhalapo ndi oposa pang'ono 11,000. Koma m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kuno kukuzizira, kumeneko kumatentha. Apo alendo amafika ambirimbiri kudzapuma pa tchuthi.

Tiyerekeze kuti inu ndinu mmodzi wa alendowo. Ku Formentera kulibe bwalo la ndege. Mudzatsikira pa chilumba cha Ibiza. Kuchokera apo mudzakwera sitima ya pamadzi. Pakangotha theka la ola, mwafika pa doko la La Savina.

Pa dokopo mungathe kubwereka njinga polipira. Malo ambiri ndi athyathyathya, tsono kupalasa sikuvuta. Chakumpoto kuli gombe lotchuka la Ses Illetes. Mchenga wake ndi woyera mbee! Mukalowa m'madzi mpaka m'chiuno, zala za kuphazi mumaziona bwinobwino. Kuno palibe wothamanga. Anthu amasambira, kudya nsomba, kenaka kugona pamthunzi. Madzulo amakhala phee, kuonerera dzuwa likulowa.

Nanga n'chifukwa chiyani madziwo ali oyera chotere? Pansi pa nyanja pamamera udzu wotchedwa posidonia. Udzuwu umagwira zinyalala ndi matope, madzi n'kuyera. Nsomba zimaswana m'menemo. Masamba ake akauma, mafunde amawaunjika pagombe. Mlendo wosadziwa amati, "Ha, uve wakewo!" Koma ayi. Masambawo amatchinjiriza mchenga kuti usakokoloke nthawi ya namondwe. M'chaka cha 1999 bungwe la UNESCO lidaika udzu wa pakati pa Ibiza ndi Formentera m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Vuto ndi ili. Mabwato a alendo akaponya nangula, nangulayo amazula udzu. Udzuwu umakula pang'onopang'ono, masentimita ochepa okha pa chaka. Wozulidwa tsiku limodzi umatenga zaka zambiri kuti ubwerere. Udzu ukatha, madzi ada. Madzi akada, alendo asiya kubwera. Nanga ogwira ntchito m'mahotela adya chiyani?

Choncho boma la zilumbazi lidakhazikitsa malamulo. Kuyambira 2018 n'koletsedwa kuponya nangula pa udzuwu. Kuyambira 2019, m'miyezi yotentha, mlendo salowa ndi galimoto pa chilumbachi popanda chilolezo. Chiwerengero cha magalimoto chili ndi malire.

Madzi akumwa nawo ndi osowa. Pa chilumbachi palibe mtsinje ngakhale umodzi. Kale anthu ankasunga madzi a mvula m'zitsime zomanga. Lero makina amachotsa mchere m'madzi a m'nyanja, ndipo ntchitoyi imadya ndalama. Mlendo wanzeru sasiya mpopi uli chitsekulire.

Akulu adati, "Mlendo ndi mame." Inu mudzakhala sabata imodzi n'kubwerera kwanu. Eni ake adzatsala pompo, iwo ndi ana awo. Tsono mukapita kukacheza kwa eni, tayani zinyalala m'malo mwake. Yendani m'njira zimene adakonza, osaponda zomera za pamchenga. Sungani madzi. Pagombe pasatsale china koma mapazi anu.

Mafunso

1. Kodi Formentera ali m'dziko liti?
2. Mlendo amafika bwanji pa chilumbachi?
3. Tchulani ntchito ziwiri za udzu wa posidonia.
4. Ndi lamulo lanji limene lidayamba m'chaka cha 2019?

Zochita

Lembani mawu awa m'kope mwanu: chilumba, gombe, nangula, doko, tchuthi.

Kambiranani ndi anzanu: kodi mlendo wabwino mumamudziwa ndi chiyani?